Mapatapata pa Msewu wa ku Madzimoyo

Tiyanjane ndi Dalitso, ana anga, mutu uno ndi wa ntchito yanga ya matayala. Za kumudzi ndi za kusukulu mwazimva kambirimbiri, ndiye ndazilumpha. Ndili mtsikana ndinkalemba chilichonse chochitika pa tsiku m'makope otsala a kusukulu, ndipo tsamba lililonse ndinkalitsiriza ndi mawu oti mawa kudzacha bwino. Makope aja anadyedwa ndi chiswe, choncho ndilemba zimene mutu wasunga. Ndikufuna mudziwe makamaka za chaka chimene atate anu anadwala, inu muli kutali, wina ku Lusaka wina ku Kitwe, ine pafoni ndikungoti tili bwino. Chaka chimenecho kuchira kwa dzanja ndi mwendo wa atate anu kunadalira kuti tizifika kuchipatala sabata iliyonse osaphonya, ndipo kufikako kunadalira matayala. Koma ndiyambire pamene ndinayambira.

Ku Kapata, chaka chimene ndinamaliza Fomu 5

Ndinkafuna unamwino koma malo sanapezeke. Amalume anga ndi amene anamva kuti Che Saidi, Msilamu wa ku Kapata amene makolo ake anachokera ku Malawi, akufuna mtsikana wodziwa kuwerenga woti azikhala pakauntala m'sitolo yawo ya matayala. Ndinapita nditavala siketi yanga ya kusukulu chifukwa ndiyo inali yooneka bwino. Fungo la mphira linandipweteka mutu sabata yonse yoyamba. Che Saidi anali munthu wamfupi, wa kachipewa koyera, wolankhula motsitsa moti umachita kuwayandikira kuti umve. Anandiphunzitsa kuwerenga manambala a m'mbali mwa tayala: loyamba likunena kutambalala kwake, lachiwiri kutalika kwa khoma la mphira, lomaliza kukula kwa limu, chitsulo chimene tayala limavala. M'sitolomo matayala a khoma lalifupi, opyapyala, a magalimoto othamanga pa tala, ankatchedwa mapatapata. A khoma lalitali, otha kuponda miyala, ankatchedwa majombo.

Nditaloweza manambala ndinkadziona ngati ndamaliza maphunziro. Che Saidi anandiyang'ana nati, "Mwanangu, manambala aliyense angawerenge. Munthu akalowa muno usathamangire kumufunsa tayala limene akufuna. Uyambe wafunsa kuti galimoto imagona kuti."

"Chifukwa chiyani, Che Saidi?"

"Chimene chimadya tayala ndi msewu wopita kunyumba. Wa m'tauni muno mupatse mapatapata ngati akuwafuna. Wa kuseri kwa Madzimoyo ukamupatsa amenewo, abweranso mwezi usanathe, ndipo adzatukwana iwe."

Ndinaloweza funsolo ngati vesi. Lachisanu lotsatira Che Saidi anapita kumzikiti, kundisiya ndi a Daka, amene ankavula ndi kuveka matayala panja. Kunalowa mnyamata wamtali, fumbi mpaka m'nsidze, dalaivala wa lole yonyamula feteleza ndi thonje. Anali kasitomala wanga woyamba ndili ndekha. Ndinaima njo ngati ndikuyankha funso m'kalasi, n'kunena mokweza kuti, "Takulandirani, bambo. Mumagona kuti?"

Panja sipanala ya a Daka inagwa pansi. Mnyamata uja anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Asisi, ngakhale dzina simunandifunse?"

"Ayi, ndimati..."

"Ndimagona ndekha, ngati ndi zimene mukufuna kudziwa. Kwathu wofunsira amakhala mwamuna, koma ngati ku Kapata kuno zinasintha, amalume anga ndikulozerani."

Ndinathawira kuseri kwa mulu wa matayala, ndipo a Daka ndi amene anamugulitsa chubu uku akupukuta misozi ya kuseka. Mnyamatayo anali Lameki Sakala, atate anu. Kuyambira pamenepo lole ija inayamba kuvuta matayala kwambiri. Tsiku lina Che Saidi pobwera kumzikiti anaipeza itaima pakhomo, nafunsa a Daka motsitsa monga mwa masiku onse kuti, "Kodi lole imeneyi imaphwa mpweya Lachisanu lokhalokha?" Tsiku la ukwati wathu Che Saidi anatidikira panja pa tchalitchi atagwira chingwe cha mbuzi.

Zaka za kusowa, Tiyanjane ali kumsana

Inu simunaone sitolo yopanda katundu. Panali zaka zimene mashelefu athu ankakhala mbee, matayala atsopano akubwera ochepa kuchokera ku Lusaka patapita miyezi, anthu atawadikira kale pamzere. M'zaka zimenezo ndi mmene ndinaphunzira kupulumutsa tayala. Che Saidi ankati ngati tilibe logulitsa, tithandize anthu kusunga limene ali nalo. Tinkawauza kuti aziyeza mpweya m'mawa tayala lisanatenthe, chifukwa tayala lofewa limadyeka m'mbali ndipo lolimbitsitsa limadyeka pakati. Tinkasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti azitha mofanana. Galimoto ikamakokera mbali imodzi tinkaitumiza kukawongoletsa miyendo, poti ingathe kumaliza tayala latsopano nyengo imodzi yokolola isanathe. Zonsezi tinkawauza kwaulere, ndipo anthu aja matayala atayambanso kupezeka sanapite kwina.

Chimodzi chokha Che Saidi ankakana kwamtuwagalu: matayala osema. Kuseri kwa msika kunali anthu otenga tayala loti latha mano, lachita dazi, n'kulisema mizere yatsopano ndi mpeni wotentha, kenako kulipaka polishi wa nsapato. Patali linkaoneka ngati lochokera kufakitale. Anandigwira chala n'kuchiyendetsa mumzere wa tayala lotero. "Wamva kukakala? Makina sanjenjemera, dzanja la munthu limanjenjemera. Pansi pa mzere uwu patsala mawaya okha. Wogula ili wasunga ndalama mpaka pa mtsetse woyamba."

Atate anu nawonso sindinkawakondera. Nthawi ina anabwera kudzafuna matayala a lole, abwana awo atawatuma podziwa kuti mkazi wawo ali pakauntala. Ndinawauza kuti pali ena patsogolo pawo, adikire ulendo wotsatira. Madzulo ake kunyumba anakhala pakhonde nati, "ANaMbewe, kunyumba kuno ndinu akazi anga, koma kusitolo kuja ndinu boma." Dzinalo linandikanirira. Ndikangolimbitsa mawu pa chilichonse, ngakhale pa nkhani ya mchere, ankati boma lalankhula.

Ku Mwami, Dalitso atayamba sukulu

Malonda atatseguka, Che Saidi anatsegula kasitolo kena pafupi ndi chipata cha m'malire cha Mwami nandituma kukayang'anira. Ndinkanyamuka m'mamawa pa minibasi n'kubwerera dzuwa likulowa. Kumeneko makasitomala anali amalole odikira mapepala awo, amalonda odutsa malire, ndi anyamata a matakisi. Ndi kumene ndinakumana ndi matayala a salaula, ogwiritsidwa kale ntchito kunja, obwera atapakirana m'malole. Si onse anali oipa, ndisaname. Koma ankafuna maso. Pali timanambala tinayi m'mbali mwa tayala tonena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo mphira imakalamba ngakhale mano akadalipo. Ukalipinda pang'ono umaona ming'alu ngati ya kuchidendene m'nyengo yozizira. Ena ankabwera ndi kachizindikiro ka phiri ndi kanyenyezi, opangidwira mayiko ozizira, ofewa bwino m'manja. Anthu ankawakonda poona mano akuya, koma pa tala wa mwezi wa Okutobala ankatha ngati sopo wosiyidwa m'madzi.

Ndili ku Mwami komweko uthenga unandipeza kuti Che Saidi atisiya. Mwa mwambo wawo anaikidwa tsiku lomwelo, ndipo ndinafika amuna atanyamuka kale kupita kumanda. Ndinakhala pamphasa ndi amayi a m'banjamo, ine ndekha wa mpingo wina, koma palibe anandiyang'ana ngati mlendo. Sitolo inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Asiyatu, amene ndinamuberekapo kumsana ali khanda. Anakhala bwana wanga wachiwiri ndi womaliza. Sanasiye kunditchula kuti anti, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kundibweza ku Kapata, ati mawondo anga atopa ndi minibasi.

Ku Madzimoyo, chaka chimene atate anu anapuma ntchito

Tinagula munda ku Madzimoyo n'kumanga nyumba imene mukuidziwayi. Kuchoka pa tala kufika kwathu mukudziwanso mmene kulili: miyala yosongoka, kenako kutsika pa kakhwawa kamene kamadzaza mvula ikagwa. Atate anu atalandira ndalama zawo zopumira ntchito, anaitanitsa galimoto kunja osandiuza. Dalitso, iwe ndi amene unawaonetsa zithunzi pafoni, usakane. Inafika ya buluu, yotsika ngati yagwada, malimu ake akuluakulu onyezimira ngati masupuni atsopano, matayala ake opyapyala ngati lamba. Ana a m'midzi yoyandikana anaithamangira mpaka pabwalo. Ine ndinaizungulira, n'kuwerama kuwerenga manambala.

"A Sakala, mwagula mapatapata."

"Ndikudziwa."

"Msewu wathu mukuudziwa."

"Ndinauyenda ndi lole inu musanaumve n'komwe dzina."

"Nanga osandifunsa bwanji? Mkazi wanu wakalambira m'matayala."

Anapukuta galasi ndi mkono wa malaya, osandiyang'ana. "Mukanandiuza zoona, aNaMbewe, ndipo ine zoona sindinkazifuna. Moyo wanga wonse ndayendetsa za eni ake, zonunkha feteleza, zokwera ngati ukukwera padenga. Ndimafuna kamodzi kokha nditsegule chitseko ndikhale pansi ngati munthu."

Ndipo ndinene pano kuti m'manja mwawo tayala silinaphulikepo ngakhale limodzi. Pa msewu wa miyala uja ankayenda pang'onopang'ono moti anjinga ankatipitirira akupereka moni, mwala uliwonse akuuzemba ngati akuudziwa dzina. Tikangofika pa tala ankandiyang'ana cham'mbali n'kuponda, ine n'kugwira mpango kumutu ngakhale mawindo ali otseka. Lamulungu popita kutchalitchi ndinkachita manyazi ndi mmene anthu ankatiyang'anira, koma manyazi ake okoma.

Chaka cha matenda

Atate anu anagwa m'munda tikukumba mtedza. Mbali yonse ya kumanja inafooka, ndipo mawu ankatuluka olemera, amodziamodzi. Titatuluka m'chipatala, mayi wina amene ntchito yake ndi kuphunzitsa odwala otere kuyenda ndi kugwira anandikokera pambali. Anati miyezi yoyambirira ndiyo yofunika, ndizibwera nawo Lachitatu lililonse osaphonya, chifukwa dzanja likazolowera kupindika kuliwongola kumavuta. Asiyatu anandipatsa m'mawa wa Lachitatu lililonse ndisanamalize n'komwe kupempha. Vuto linali lakuti ine, amene ndinagulitsa matayala moyo wanga wonse, ndinali ndisanagwirepo chiwongolero. Atate anu anandiphunzitsa pabwalo la mpira la pasukulu, atakhala pambali panga, ndi mawu ochepa amene anali nawo. "Pang'ono." "Buleki." "Mbuzi!" Ndikalakwitsa ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ndipo kunali kuseka kwawo koyamba chidwalire.

Mayi wa kuchipatala uja anatinso dzanja lipezeredwe ntchito kunyumba. Ndinayesa kuwapatsa mtedza kuti azisenda, anaukankha. Ntchito anaisankha okha. M'mawa uliwonse ankakhala pa kampando pambali pa galimoto, beseni la madzi pafupi, n'kumatsuka malimu aja ndi mswachi wakale, kampata ndi kampata, ndi dzanja lodwalalo. Masiku oyamba mswachi unkangogwa, ndiye ndinkaumangirira kudzanja ndi kansalu. Kenako anayamba kuugwira okha. Muyenera kumvetsa, ana anga, kuti nthawi imeneyo mabatani a malaya ndinkawamangira ine, kapu ndinkawagwirira ine, kubafa ndinkapita nawo ine. Malimu okhawo ndi amene anali ntchito yawo, ndipo ndikayandikira ankandithamangitsa ndi chigongono.

M'chilimwe ndinkayesetsa kuzemba miyala ngati iwo, koma maso anga si a dalaivala. Tayala limodzi linatupa m'mbali, ndinalisintha ndi lina limene a Daka anandipezera movutikira. Mvula itayamba, dothi linakokoloka miyala n'kutsala poyera. Lachitatu lina tikutsika pa kakhwawa ndinamva kuphulika, ndisanaime n'komwe kunamvekanso kwina. Matayala awiri a mbali imodzi anali atang'ambika pakhoma, pamene sipamatika chigamba, ndipo sipeya ya galimoto imeneyo inali imodzi, yaing'ono ngati ya wilibala. Mvula inayamba kuwaza. Tinakhala m'galimoto mpaka dzuwa pamutu, nthawi yathu ya kuchipatala ikudutsa tikuiona. Pamapeto pake aneba athu anabwera ndi ngolo ya ng'ombe. Amuna anawanyamula atate anu, wina kumapewa wina kumiyendo, n'kuwagoneka pa matumba. Anthu anali okoma mtima, koma atate anu anatembenuzira nkhope kuthabwa la ngolo mpaka kunyumba. Galimoto inakokedwa tsiku lotsatira. Sabata imeneyo tinaphonya, yotsatiranso tinaphonya, ndipo ndinaona zala zawo zikuyamba kubwerera m'chikhatho.

Asiyatu anaimba foni ku Lusaka. Matayala a mtundu umenewo analiko, koma mtengo wa awiri okha unali wofanana ndi mtedza wathu wonse wa chaka chimenecho, ndipo akanafika patapita masabata. "Anti, ndingaitanitse lero lomwe," anatero, "koma inu ndi amene munandiphunzitsa. Msewu womwewo ukuwadikira." Ndinakwera minibasi kupita ku Mwami kwa anzanga akale a salaula. Opyapyala analiko, otsika mtengo kwambiri. Ndinawerenga timanambala tija: anali aakulu msinkhu kuposa mwana wako woyamba, Tiyanjane. Ndinapinda limodzi, ming'alu inatseguka. Lina linandisiyira polishi m'manja. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndalama zili pamfundo ya chitenje, ndikudziuza kuti mwina atifikitsa mpaka mvula ithe. Kenako ndinaganiza za tala wa kutsogolo kwa Madzimoyo, malole akubwera, ine wongophunzira kumene, atate anu pambali osatha kudzigwira. Ndinawasiya.

Nzeru inachokera kwa a Daka, amene pa nthawiyi imvi zinali mbuu koma sipanala akadaigwira. Anapita kwathu ndi limu lachitsulo lakuda, la mtundu umene matakisi onse a m'tauni amavala, lochepa kuposa aja onyezimira. Analiveka kutsogolo n'kulizunguza ndi dzanja, khutu ali nalo pafupi, kumvetsera ngati likukhula mabuleki. Silinakhule. "Limu likachepa, khoma la tayala limatalika," anatero, "ndipo galimoto imakhala pa msinkhu womwewo. Majombo a saizi iyi ali mbwee, ngakhale ku Katete muwapeza, mtengo wake wa anthu." Ananenanso kuti a Mwale, bambo wina wothandiza amalole za mapepala ku Mwami, akhala akufunsa za malimu onyezimira aja chiwaonere. Akanalipira zokwanira malimu achitsulo ndi matayala atsopano onse, ndi sipeya yeniyeni pamwamba.

Nzeru inali yabwino, ndipo ndinaidziwa kuti ndi yabwino a Daka asanamalize kulankhula. Koma inkatanthauza kuchotsa m'manja mwa atate anu chinthu chokhacho chimene chinawatsalira. Tinakambirana kusitolo atatu. A Daka anati, "Tiikokere kuno, kenako muwauze kuti anaba. M'tauni muno malimu amabedwa masana." Asiyatu anati kapena ndinene kuti achipatala alamula. Onse ankanena mwachikondi. Ndili m'minibasi kubwerera ndinaganiza mmene anthu anali atayambira kulankhula za atate anu iwo ali pomwepo, kufunsa ine kuti adya kodi, agona bwanji, kuwanamiza tinthu tating'ono ngati mwana woti amwe mankhwala. Akanandikhulupirira ndikanati anaba. N'chifukwa chake sindinathe.

Ndinawapeza pa kampando, galimoto ili pa njerwa, akutsuka limu la tayala long'ambika lija. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"A Sakala, lero ndabwera ngati wa kusitolo."

"Boma," anatero osatembenuka.

Ndinawafotokozera zonse, za ku Lusaka, za ku Mwami, za limu la a Daka, za a Mwale. Sindinachepetse kanthu. Mswachi unaima. Anayamba kulankhula, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe m'chitsime.

"Zonse... mwatenga. Chiwongolero. Khasu. Mabatani."

"Sindinatenge, a Sakala. Ndikukusungirani."

"Awa?"

"Malimu awa sindingakusungireni. Akapita, apita. Koma galimoto ndi yanu. Mukakana, sindigulitsa, ndipo sindidzayambitsanso nkhaniyi."

"Ndikakana?"

"Tizipita pa ngolo mpaka pa tala, kenako tizidikira minibasi."

Anayang'ana dzanja lawo lili pabondo, zala zitapindikira mkati. Kenako anandipatsa msana. Tsiku limenelo sanandilankhulenso, lotsatiranso ayi. Ankadya ndikawapatsa, koma maso ali kwina. Ana anga, m'ntchito yanga yonse sindinakumanepo ndi chovuta ngati kudikira kumeneko. Nambala ya a Daka inali m'foni mwanga, Lachitatu likuyandikira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangoimba, sabata imeneyo tifika kuchipatala. Ndinkapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, n'kusamba kumaso, n'kubwerera. Foni sindinaimbe.

Lachiwiri m'mawa ndikuchokera kumjigo ndinawapeza pakhonde atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mabatani anali atasemphana, lapamwamba lili pabowo lachiwiri, koma anali atamanga okha. Sindinawakonze.

"Itanani a Daka," anatero. "Ndi munthu wakeyo. Ndimuone."

Anafika masana pa kalole ka kusitolo. A Mwale anali bambo wonenepa, wa nsapato zosongoka ndi buluku loyera, ndipo anatsika akutulutsa kale envulopu. Atate anu anaikankha ndi dzanja lamanzere nawalozera pansi. Munthu uja anakhala pa njerwa ngati mkamwini wobwera kudzaonekera.

"Sopo waufa... ayi."

"Ayi, atate."

"Mchenga ayi. Waya ayi."

"Ndamva, atate."

"Tsukani. Ndione."

A Mwale anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mtengo wa mango. Anagwada m'matope ndi buluku loyera lija n'kuyamba kutsuka limu ndi nsanza. A Daka anali kuseri kwa kalole, mapewa akugwedezeka. Atate anu anawerama kuyang'anitsitsa. "Pakati... simunafike." A Mwale anabwereza kutsuka mpaka atate anu anagwedeza mutu. Pamenepo ndi pamene analola kuti envulopu ipatsidwe kwa ine. Malimu akukwezedwa m'kalole anawayang'ana mpaka lomaliza, osaphethira. A Daka atamaliza kuveka majombo ndi kutsitsa jeke, galimoto inaoneka ngati mayi wovala diresi la ukwati ndi nsapato za kudimba.

"Yaipa," anatero atate anu.

"Yaipadi," ndinavomera.

Lachitatu kunacha ndi mvula. Tikuyandikira kakhwawa ndinachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Atate anu anaika dzanja lodwala lija pa mkono wanga. "Pitani." Ndinapita. Miyala inagunda pansi ndi kaphokoso kogontha, galimoto inagwedera, n'kukwera tsidya linalo. Kuchipatala mayi uja anatikalipira chifukwa cha masabata amene tinaphonya, kenako anakhala pansi n'kuyamba kutambasula zala zija chimodzichimodzi. Dzinja lonselo sitinaphonyenso. Pofika nthawi yokumba mtedza wina, atate anu ankagwira okha kapu ndipo ankayenda ndi ndodo mpaka kumunda. Mawu ndiwo anatsala olemera, monga mukuwamvera lero. Ine ndinagwirabe ntchito mpaka mawondo anakaniratu, ndipo pondisiyitsa Asiyatu analira kuposa ine.

Koma m'mawa wa Lachinayi lotsatira ulendo woyamba uja wa pa majombo ndi umene ndinkauopa. Ndinadzuka ndikudzifunsa kuti munthu ameneyu adzukira chiyani tsopano. Nditatuluka kuti ndizipita kuntchito, ndinawapeza pa kampando pambali pa galimoto, beseni pafupi, akuchotsa matope a dzulo m'timabowo ta limu lakuda lija ndi mswachi wawo.

"A Sakala, awa sanyezimira, ngakhale muwatsuke mpaka madzulo."

"Ndikuona," anatero. "Koma dzanja... silikudziwa."

Anakankhira beseni kwa ine ndi phazi, madzi ake atafiira kale. Ndinaika chikwama pansi n'kupita kukawatungira ena, ndipo tsiku limenelo ndinachedwa kuntchito.